Foni yoyamba yamakono ya m'bale wathu: tizimulangiza dzina la kampani kapena zina?

aNachisale (Mphate, Ntcheu)

Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi funso lomwe latigawanitsa pabanja pathu, ndipo ndikupempha kuti amene mukudziwa bwino za mafoni mundiunikire. Azakhali anga, omwe amachita malonda a kachewere pa Lizulu, alandira gawo lawo ku banki mkhonde ndipo akufuna kugula foni yawo yoyamba yamakono, popeza kufikira lero akhala akugwiritsa ntchito ya mabatani. Ndalamazo si zambiri, moti tikukamba za mafoni otsika mtengo, osati aja timangowaona pa zikwangwani za m'tauni. Vuto n'lakuti aliyense akuwalangiza mtundu womwe iye mwini ali nawo m'thumba. Alongo anga akuti kupatula Samsung palibenso foni, mlamu wanga akuti Tecno, pomwe ine ndakhala ndi itel kwa nthawi yaitali ndipo mtima wanga ukukokera komweko. Azakhaliwo angosokonezeka, ndipo anena kuti atsatira chomwe ine ndinene. Kodi n'koyenera kulangiza munthu kugula mtundu womwe iwe unauzolowera, kapena pali zina zofunika kuziyang'ana kuposa dzina lolembedwa kumbuyo kwa foni?

Bambo Phiri (Dedza boma)

Zikomo aNachisale chifukwa cha funsoli. Ine ndinena poyera kuti ndili mbali imodzi ndi alongo anuwo, ndipo ndili ndi zifukwa zake. Samsung imalengeza zaka zomwe idzakhala ikutumiza zokonzanso pulogalamu ya m'foni, ndipo pa Galaxy A16 yomwe inatuluka mu 2024 inalonjeza zaka 6, zomwe sizichitikachitika pa foni yosakwera mtengo kwambiri. Munthu amene wavutikira ndalama yake nyengo yonse ya kachewere sagula foni chaka ndi chaka, choncho akufunika foni yomwe idzakhalabe yotetezeka kwa akathyali a pa intaneti m'zaka zikubwerazi. Komanso tsiku lomwe munthu wapanikizika n'kufuna kugulitsa foniyo, mwachitsanzo pofuna feteleza kapena fizi ya mwana, ya Samsung imapeza wogula msanga ndiponso pamtengo womveka, chifukwa dzinalo anthu amalilemekeza. Ndikudziwa kuti A16 ingathe kupitirira ndalama zomwe azakhaliwo ali nazo, koma ili ndi azing'ono ake monga A05 ndi A06. Ine ndakhala ndikulangiza abale anga onse chimodzimodzi, ndipo sindikuona chifukwa chosinthira.

aMbewe (wokonza mafoni, Ntcheu boma)

Wawa Bambo Phiri. Mfundo zanu ndazimva ndipo sindikuzikana, koma ndiloleni ndilankhule monga munthu amene mafoniwa amafika m'manja mwake atawonongeka. Palibe mtundu womwe sufika pa tebulo langa. Zomwe zimapha mafoni otsika mtengo kuno kwathu kawirikawiri si pulogalamu yakale, koma galasi losweka, pobayira chaja pomwe pagwedera kapena padzaza fumbi, ndiponso batire lotupa chifukwa cha machaja achinyengo. Mafoni ambiri a m'midzi safika n'komwe zaka 6 zomwe mukunenazo, chifukwa amagwa m'dimba, amanyowa ndi mvula pa njinga, ndipo ana amawaseweretsa.

N'chifukwa chake munthu akandipempha malangizo, funso langa loyamba limakhala lakuti foniyi ikadzasweka galasi, lina lidzapezeka kuti ndipo pa ndalama zingati. Magalasi a Tecno Spark, Tecno Pop, itel, Infinix Smart ndi Infinix Hot amapezeka mosavuta popeza mafoniwo ndi ochuluka m'manja mwa anthu, ndipo ogulitsa zipangizo ku Lilongwe amaoda ambiri. A Samsung zotsika mtengo nawonso sasowa. Koma pali mafoni ena abwino ndithu omwe amabwera amodziamodzi ndi apaulendo, omwe galasi lake mungalidikire miyezi, ndipo likafika mtengo wake umayandikira wa foni ina yatsopano. Foni yotero imathera m'kabati ngakhale m'kati mwake muli moyo.

Pali chinanso chomwe chimandiseketsa anthu akamakangana pa shopu yanga. Wina amati Tecno ndiye foni, wina amati itel siisiya munthu panjira, wachitatu n'kumati onsewo sadziwa kanthu chifukwa yeniyeni ndi Infinix. Mitundu itatu yonseyi ndi ya kampani imodzi yotchedwa Transsion, yomwe likulu lake lili ku Shenzhen m'dziko la China. Tecno inayamba mu 2006, Infinix inabwera mu 2013, ndipo mayinawo anawagawa dala kuti itel ifikire anthu a ndalama zochepetsetsa, Tecno ikhale ya anthu ambiri, pomwe Infinix ikope achinyamata. Ngakhale machaja ndi zomvetsera m'makutu za Oraimo ndi za banja lomwelo. Ndiye aNachisale, inu ndi mlamu wanu mukukokanakokana, koma ndalama ya azakhali ikalowa thumba limodzi. Chomwe kampaniyi inachita mwanzeru n'chakuti inaika mtima pa msika wa mu Africa kuyambira pachiyambi, poika malo a masimu awiri, batire lokhalitsa, ndi kamera yokonzedwa kuti nkhope za anthu akuda zizioneka bwino pa chithunzi. Anthu sanayambe kukonda mayinawa popanda chifukwa.

aNangozo (Bembeke)

Nkhani yokakamira dzinayi yandikumbutsa bambo anga, omwe mpaka lero safuna kumva za foni ina kupatula Nokia chifukwa cha 3310 ndi 1100 zomwe anagwiritsa ntchito kale. Akamalangiza anzawo ku tchalitchi amanena motsimikiza kuti Nokia siifa, ndipo achikulire ambiri kuno amawamvera. Kodi Nokia za masiku ano ndi zochokera m'manja omwe aja, kapena latsala ndi dzina lokha? Ndikufunsa kuti ndidziwe chokawauza popanda kuwachititsa manyazi pamaso pa anzawo.

Aphunzitsi aBanda (Nsipe)

Funso lanu aNangozo lafika pamtima pa nkhani yonseyi. Nokia 3310 inatuluka mu 2000 ndipo 1100 inatuluka mu 2003, nthawi yomwe kampani ya Nokia ya ku Finland inkayendetsa yokha ntchito yopanga mafoni ake. Mu 2014 kampaniyo inagulitsa nthambi yake ya mafoni kwa Microsoft, ndipo kuyambira mu 2016 ufulu wotulutsa mafoni okhala ndi dzina la Nokia unapita kwa kampani ina ya ku Finland komweko yotchedwa HMD Global. Mu 2024 HMD inayambanso kutulutsa mafoni olembedwa dzina lake lenileni. Sindikunena kuti mafoni amenewa ndi oipa, koma bambo anuwo akukhulupirira mbiri ya foni ya mabatani ya zaka zoposa 20 zapitazo, pomwe foni yamakono ili ndi galasi nkhope yonse ndipo ikagwa pa simenti imasweka mosasamala kanthu za dzina lake. Mukawafotokozera, yambani ndi kuvomereza kuti zomwe akunena za 3310 n'zoona, kenako muwaonetse kuti katundu wake anasintha.

Chitsanzo china ndi Huawei. Panali nthawi yomwe ambiri mwa ife aphunzitsi tinkaikonda kwambiri chifukwa cha kamera ndi batire. Mu May 2019 boma la America linaletsa makampani a m'dzikolo kuchita malonda ndi Huawei popanda chilolezo chapadera, ndipo mafoni atsopano a Huawei otuluka pambuyo pake anayamba kubwera opanda Play Store ndi mapulogalamu ena a Google. Munthu wodziwa angathe kupeza njira zina zoikira zomwe akufuna, koma azakhali omwe akugwira foni yamakono koyamba sangakwanitse zimenezo paokha. Amene ankalangiza abale ake potengera Huawei yake yakale ankalangiza chinthu chosiyana ndi chomwe chinali m'bokosi latsopano, ngakhale dzina linali lomwelo.

Bambo Phiri (Dedza boma)

Aphunzitsi, mfundo yanu ndi yomveka, koma ikulimbikitsanso yanga, chifukwa Samsung, kampani yomwe ndikunenayi, sinasinthe eni ake mwa njira imeneyo. Kwa aMbewe ndinganene kuti nkhani ya pulogalamu yakale musaipeputse, ngakhale siifika pa tebulo lanu ngati galasi losweka. Mu October 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa mafoni okhala ndi Android (pulogalamu yaikulu yoyendetsa foni) yakale kuposa 5.0, ndipo amene anali ndi mafoni otero anapezeka kuti foni ikuyaka bwinobwino koma chomwe anaigulira chatha. Zimenezi zidzachitikanso, chifukwa opanga mapulogalamu amasiya mitundu yakale ya Android pang'onopang'ono, ndipo mapulogalamu a mabanki nawonso amachita chimodzimodzi. Pa chifukwa chomwechi ndikuchenjeza za mafoni a kaunjika omwe amaoneka apamwamba koma anatuluka kalekale. Wogulitsa amakuuzani kuti foniyi inali ya mabwana kunja, ndipo amanena zoona, koma sakuuzani kuti batire lake linatopa ndiponso kuti kampani inaleka kale kuitumizira zokonzanso. Kwa munthu woyamba kumene, foni yotsika mtengo ya m'bokosi ndi yabwino kuposa yapamwamba yokalamba.

aNachisale (Mphate, Ntcheu)

Zikomo nonse. Ndaona kuti ndifotokoze bwino ntchito yomwe foniyi ikagwire, mwina zithandiza. Azakhaliwo akufuna kumajambula kachewere ndi kabichi akafika pamsika, n'kumatumiza zithunzi pa WhatsApp kwa makasitomala awo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuti azigwirizana mtengo galimoto isananyamuke. Salemba kwambiri, amakonda kutumiza uthenga wa mawu, ndiye chomvetsera cha foni chiyenera kukhala chomveka ngakhale pali phokoso la msika. Ali ndi layini ya Airtel ndi ya TNM, ndipo zonse ziwiri amalandirirapo ndalama, moti sangalole kusiya imodzi. Kunyumba kwawo kulibe magetsi a ESCOM, amatchaja pa kasola kakang'ono kapena amalipira pa shopu pamsika. Monga mukudziwa, pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, ndipo amalonda ena kumeneko amagwiritsanso ntchito layini ya Movitel ya ku Mozambique. Pali mwana wawo wina ku Joni yemwe ananenapo kuti angathe kutumiza foni m'malo moti agule kuno, koma ine ndikukayikira ngati imeneyo ili njira yabwino.

aMaseko (kwathu ku Kasinje, ndikulemba ndili ku Johannesburg)

Achemwali, kukayikira kwanu kuli ndi maziko, ndipo ndikulankhula monga mmodzi wa anthu omwe amapemphedwa mafoni mwezi ndi mwezi. Kuno mafoni ena otsika mtengo kwambiri amagulitsidwa motchipa chifukwa anatsekeredwa ku kampani imodzi ya netiweki, ndipo akafika kumudzi amakana simu ya Airtel kapena ya TNM mpaka wina alipire kuti atsegulidwe. Ena amakhala ndi malo a simu imodzi yokha, zomwe kwa azakhali anuwo zingakhale zopanda ntchito. Palinso mitundu yomwe ndi yodziwika kuno, monga Mobicel ndi Hisense, koma kumudziko si yochuluka, ndiye nkhani ya galasi yomwe aMbewe anena ija imabwereranso. Chitsimikizo cha shopu nachonso chimatsala kuno, chifukwa palibe amene angakweze foni basi kuchoka ku Ntcheu kubwerera nayo ku Johannesburg kuti akaisinthe.

Ife a kunjaku tilinso ndi kukakamira kwathu kwa mayina, ndipo nthawi zina timatumiza foni pofuna kuti kumudzi aone kuti tikuchita bwino, osaganizira za yemwe akaigwiritse ntchito. Maganizo anga ndi akuti mwana wawoyo atumize ndalama kuti ziwonjezere pa zomwe azakhali ali nazo, foniyo igulidwe kumudzi komweko pa shopu yodziwika yomwe ingapereke risiti. Ngati akakamira kutumiza foni, afunse wogulitsa momveka bwino ngati ili yosatsekeredwa ndiponso ngati ili ya masimu awiri, ndipo aone yekha malo oikamo simuwo asanalipire.

aMbewe (wokonza mafoni, Ntcheu boma)

Tsopano popeza tadziwa ntchito yake, tingathe kusiya mayina pambali kwa kanthawi n'kuyang'ana za m'kati. Bambo Phiri, pa nkhani ya kaunjika ndagwirizana nanu kwathunthu.

Chinthu chomwe chimapusitsa ogula ambiri masiku ano ndi manambala a RAM olembedwa pa bokosi. RAM ndiyo imachititsa kuti foni isamachedwe kapena kuuma mukatsegula mapulogalamu angapo. Mukaona palembedwa 4GB+4GB, kapena 8GB yaikulu yokhala ndi kanyenyezi pambali, dziwani kuti RAM yeniyeni ndi theka lokha kapena kucheperapo, ndipo inayo ndi malo obwereka kuchokera ku memore yosungiramo zinthu, yomwe ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM. Tecno ndi Infinix amazitcha Memory Fusion kapena mayina ofanana nawo, Samsung imazitcha RAM Plus, ndipo Xiaomi nayonso ili nazo pa mafoni ake a Redmi. Apa palibe kampani yomwe ingaloze inzake chala. Pitani mu Settings mukaone nambala yeniyeni musanapereke ndalama.

Mafoni otsikitsitsa mtengo ambiri amabwera ndi Android Go, yomwe Google inatulutsa kumapeto kwa 2017 kuti izigwira ntchito pa mafoni ofooka, ndipo kuyambira pa Android 13 Go foni iyenera kukhala ndi RAM yosachepera 2GB. Foni ya 2GB imayendetsa WhatsApp ndi Facebook Lite, koma pakapita miyezi magulu a WhatsApp atachuluka imayamba kulemera. Ngati ndalama zingalole, ndingasankhe ya 3GB kapena 4GB yeniyeni. Pa memore yosungira, 32GB imadzaza msanga chifukwa gawo lalikulu limatengedwa kale ndi pulogalamu ya foniyo, ndipo munthu wojambula katundu tsiku ndi tsiku, wolandiranso mavidiyo a kwaya ndi a maliro m'magulu, afunika 64GB. Batire likhale la 5000mAh, lomwe masiku ano lili pafupifupi mu mtundu uliwonse, ndipo foniyo ikhale ya 4G osati ya 3G yokha, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo bwanji. Pobayira chaja pakhale pa USB-C, chifukwa chingwe chake chimalowa mbali iliyonse ndipo achikulire sathyola timano ta m'kati pokakamiza, monga zimachitikira ndi mtundu wakale uja.

Za mafoni achinyengo, imbani *#06# pa foniyo ndipo nambala ya IMEI (yozindikiritsa foni iliyonse payokha) yomwe ituluke ifanane ndi yolembedwa pa bokosi. Amene amakonda dzina kwambiri ndi amene amagwa msanga m'manja mwa achinyengo, popeza opanga zabodza amatengera mayina omwe anthu amawafuna, ndipo munthu akangoona dzinalo pamtengo wotsika safunsanso china. Pa nkhani ya malire, kumbukirani kuisankhira foniyo netiweki pamanja m'malo moilola kuti izisankha yokha, kuti isamalumphire ku netiweki ya ku Mozambique azakhali asakudziwa.

aNaphiri (Golomoti)

Ine ndikufuna kuwonjezera za ndalama, chifukwa kukakamira dzina kumakhala kosavuta kwa munthu amene sakulipira. Kuchokera pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya mafoni inakwera kwambiri popeza onse amachokera kunja. Munthu amene anagula foni yake kale amakumbukira mtengo wakale, ndipo akamauza m'bale wake kuti angowonjezera pang'ono apeze mtundu wakutiwakuti, sadziwa kuti pang'ono pamenepo lero ndi mpamba wa sabata yathunthu. Mayi wa malonda akachotsa ndalama ku mpamba pofuna kusangalatsa adzukulu ake okonda mayina, ndiye kuti foni yadya geni yomwe inayenera kuithandiza.

N'chifukwa chake kuno kwathu ambiri akutenga mafoni angongole, aja mumapereka ndalama yoyamba kenako n'kumalipira pang'onopang'ono, ndipo mukalephera foni imadzitseka. Sindikuwanyoza, chifukwa athandiza anthu omwe sakanatha kugula pakamodzi. Koma amene akulangiza m'bale wake atenge pepala awerengere limodzi ndalama zonse kufikira tsiku lomaliza, chifukwa zimaposa mtengo wa pa shopu, ndipo aganizirenso miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pomwe ndalama imasowa m'midzi. Kwa azakhali omwe ndalama ali nayo kale m'manja, ine ndingati agule yolingana ndi ndalamayo, ndipo atsaleko ndi kena kogulira chikwama cha foni, galasi lotchinga pamwamba ndi bandulo ya mwezi woyamba.

aGama (Kampepuza)

Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndili ndi pempho limodzi lokha. Foni ya mabataniyo azakhali asaitaye kapena kuipereka kwa mwana. Airtel Money pa *211# ndi Mpamba pa *444# zimagwira ntchito bwinobwino pa foni ya mabatani, ndipo batire lake limatha masiku angapo, pomwe yamakonoyo idzafuna kutchaja pafupifupi tsiku lililonse. M'miyezi ya June ndi July, mitambo ikaphimba mapiri a Dedza ndi Ntcheu, kasola kakang'ono sikakoka mphamvu yokwanira. Layini yomwe amalandirira ndalama zambiri ingathe kukhalabe mu foni yakaleyo, ndipo zikatero ngakhale yamakonoyo itabedwa pamsika, malonda saima.

Aphunzitsi aBanda (Nsipe)

Malangizo a aGama ndi anzeru. Koma ndikufuna kubwerera ku funso lenileni, lakuti kodi n'kulakwa kulangiza mtundu womwe unauzolowera, chifukwa ndikuona ngati tatsala pang'ono kunena kuti kukonda dzina ndi umbuli basi, zomwe ine sindikugwirizana nazo.

Amene walangiza foni ndi amene amadzaimbiridwa. Azakhali akadzafuna kukuza zilembo, kuletsa mauthenga otsatsa malonda, kuchotsa zithunzi zodzaza memore, kapena kupeza pomwe data ikuthera, sadzaimbira kampani, adzaimbira aNachisale. Ndipo ngakhale mafoni onsewa ali a Android, kampani iliyonse inaika nkhope yakeyake pamwamba: Samsung ili ndi One UI, Tecno ili ndi HiOS, Infinix ili ndi XOS, ndipo zinthu sizikhala pamalo amodzimodzi. Kuthandiza munthu wachikulire kudzera pa foni, iwe uli ku Mphate iye ali ku Lizulu, n'kotheka pokhapokha ngati ukudziwa pamtima pomwe ayenera kudina. Choncho kulangiza mtundu womwe ukuudziwa kuli ndi phindu lenileni, makamaka ngati wokonza wapafupi ali ndi zipangizo zake ndipo oyandikana nawo ali ndi chaja chofanana chomwe angabwereke.

Pomwe timalakwitsa m'pamene titchula dzina la kampani lokha n'kumusiya munthu apite yekha ku shopu. Kampani iliyonse ili ndi mafoni amphamvu ndi ofooka, ndipo chaka chilichonse imatulutsa ena. Alongo a aNachisale mwina ali ndi Samsung yapakati, yomwe mtengo wake ndi kawiri kapena katatu ndalama za azakhali, ndipo zomwe akuyamikira sizidzapezeka zonse mu yotsikitsitsa ya kampani yomweyo. N'chimodzimodzi ndi mbewu ya chimanga: mlimi sauzidwa dzina la kampani lokha, amauzidwa mtundu weniweni wolingana ndi dera lake, chifukwa yochita bwino ku Tsangano siingachite chimodzimodzi ku Sharpevale. Ndiye aNachisale, ngati mtima wanu uli pa itel, palibe choletsa, koma mutchule nambala yeniyeni ya foniyo, muiyese ndi muyeso womwe aMbewe apereka, ndipo ikalephera muyesowo mulolere kuisiya ngakhale mumaikonda. Alongo anu ndi mlamu wanu muwapemphe kuti nawonso abweretse nambala ya foni imodzi ndi mtengo wake wa lero, osati dzina lokha.

Bambo Phiri (Dedza boma)

Muyeso umenewo ndaulandira, aphunzitsi, ndipo ndikukhulupirira kuti foni yanga idzaupambana ngati ndalama zingafike. Ndingopempha kuti pa mndandanda wa aMbewe muwonjezere funso la chaka chomwe foniyo inatuluka ndi nambala ya Android yomwe ili m'katimo, chifukwa m'mashopu ena muli mafoni a m'bokosi omwe akhala pa shelefu zaka zingapo, ndipo amagulitsidwa ngati atsopano. Pakakhala mafoni awiri ofanana mphamvu ndi mtengo, ine ndidzasankhabe yomwe kampani yake yanena poyera kuti idzaisamalira kwa zaka zingati.

aNachisale (Mphate, Ntcheu)

Ndalemba zonsezi papepala, ndipo ndapempha alongo anga ndi mlamu wanga kuti aliyense abwere ndi nambala ya foni ndi mtengo wake. aMbewe, ndili ndi funso lina lomwe sitinalikhudze. Ogulitsa ambiri amadzipereka kumuikira munthu WhatsApp ndi kumutsegulira akaunti ya Google pa shopu pomwepo. Kodi tiwalole, popeza azakhali sangathe kuchita okha?

aMbewe (wokonza mafoni, Ntcheu boma)

Achemwali, pamenepo mukhalepo inu eni ake, chifukwa anthu ambiri amalira nazo. Kuyambira pa Android 5.1, Google inaika chitetezo chakuti foni ikafufutidwa zonse mokakamiza, siitseguka mpaka mutalowetsa akaunti ya Google yomwe inali m'menemo. Cholinga chake n'kulepheretsa akuba, koma chimagwiranso eni ake. Zimachitika kuti mnyamata wa pa shopu watsegula akaunti mothamanga, waika pasiwedi ya m'mutu mwake, ndipo pakapita miyezi mwana wasintha loko ya pagalasi n'kuiwala. Foni ikabwera kwa ife kuti tiifufute, imafunsa akaunti yomwe mwini wake sanaimvepo, ndipo mnyamata uja mwina anasiya kale ntchito. Izi zimachitika pa Samsung, Tecno, itel, Infinix ndi Redmi mofanana.

Mutsegule akauntiyo inuyo muli ndi azakhali, muilumikize ku nambala yawo yomwe inalembetsedwa ndi chiphaso chawo cha unzika, ndipo dzina la akaunti ndi pasiwedi muzilembe m'buku lomwe amasunga kunyumba, osati pa kapepala koika m'chikwama cha foni. Manambala a makasitomala awo muwasunge mu akauntiyo m'malo mosunga mu simu kapena mu foni, kuti akadzasintha foni, kaya ya kampani iti, adzawapeze onse. Pa WhatsApp muzimitse zoti mavidiyo ndi zithunzi zizidzitsitsa zokha pa data, chifukwa zimenezo n'zomwe zimamaliza bandulo ndi memore ya anthu ongoyamba kumene. PIN ya Airtel Money ndi ya Mpamba ikhale yosiyana ndi loko ya pagalasi, popeza loko ija adzukulu adzaidziwa m'masiku ochepa. Risiti ikhale ndi tsiku, dzina la shopu, nambala ya IMEI ndi kutalika kwa chitsimikizo, ndipo bokosi alisunge, chifukwa foni ikabedwa apolisi adzafunsa nambala yomweyo. Musanachoke pa shopu, ikanimo masimu onse awiri, imbani foni, jambulani uthenga wa mawu n'kuumvetsera, ndipo bayani chaja muone ngati ikulandira moto.